Kumene Mabasi Amaima ku Granada

Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, Anselmo Quesada ankayendetsa basi ya alendo odzaona mizinda yakale. Ankanyamuka kwawo ku Martos Lolemba, kuzungulira ku Sevilla, ku Córdoba mpaka ku Granada, n'kubwerako Loweruka msana ukuwawa. Mkazi wake, Herminia, sankapita kulikonse. Anali ndi kashopu ka buledi, komanso mayi ake amene anakhala chigonere kwa zaka zambiri. Ndiye Loweruka lililonse pa chakudya, Anselmo ankamufotokozera zimene waona: zipilala zosawerengeka za mu mzikiti wakale wa ku Córdoba, ndi nyumba ya mafumu ya Alhambra ku Granada, momwe mikango yamiyala khumi ndi iwiri yasenza beseni la madzi.

Anselmo atapuma pa ntchito, apongozi ake nawo atamwalira, Herminia anatseka shopu masiku awiri n'kugula matikiti a ku Alhambra.

"Ulendo uno ukhala pa mpando wa alendo," anatero. "Ndipo usakayambe kuphunzitsa dalaivala ntchito."

Anselmo anaseka, koma chakudya sichinamulowe tsiku limenelo.

Pachipata cha Alhambra panali anthu ambirimbiri, ndipo mayi wina wonyamula kambendera anawafunsa ngati akufuna wowaperekeza.

"Wa chiyani?" anatero Herminia. "Ndili naye wanga uyu, ndamuchapira zaka makumi anayi. Tsogola, Anselmo. Tiyambire ku mikango."

Pa tikiti panalembedwa kuti alowe m'nyumba ya mafumu 11 koloko, osachedwa. Anselmo anatsogola molimba mtima. Anakhotera kumanja, natulukira m'munda wa maluwa. Anabwerera, nakwera masitepe amene anathera pakhoma. Njira yachitatu inawafikitsa ku zimbudzi. Pamene ankalipeza khomo lenileni, mlonda anayang'ana tikiti, kenako wotchi, n'kupukusa mutu. Nthawi yawo inali itadutsa, ndipo malo ena panalibe mpaka mwezi wamawa.

Herminia anakhala pabenchi n'kuvula nsapato imodzi.

"Wakalambadi iwe. Malo oti wafikapo kambirimbiri?"

Anselmo anaima chilili, chipewa chili m'manja.

"Herminia, ine muno sindinalowemo."

"Wati chiyani?"

"Sindinalowemo n'kamodzi komwe. Ngakhale ku Córdoba kuja. Dalaivala sasiya basi. Ndinkangomva operekeza alendo akufotokoza pa maikolofoni, lero ndi mawa zomwezo, mpaka ndinaloweza."

"Nanga mkango uja unati unaugwira pamphuno, unali wozizira ngati madzi a m'chitsime?"

"Anandiuza ndi mayi wina wa ku Holland."

Herminia sanaseke. Anavalanso nsapato ija pang'onopang'ono, osamuyang'ana. Anselmo anakumbukira mmene zinayambira. Linali Loweruka loyamba lenileni, Herminia ali ndi ufa mpaka m'zigongono, maso ali ofiira chifukwa chodzuka m'mamawa, pamene anamufunsa kuti, "Waonako chiyani?" Ndipo iye anachita manyazi kunena kuti waona matayala ndi utsi. Ankaganiza kuti akumubweretsera mphatso. Lero ndi pamene anaona kuti mkaziyu anapirira zaka zonsezo akukhulupirira kuti mwa awiriwo, mmodzi akuliona dziko.

"Ndiye unkakhala kuti?" anafunsa Herminia.

"Koimika mabasi, kumtundaku."

"Tiye ukandionetse."

Ulendo uno Anselmo sanasochere. Anadutsa kanjira kachidule kuseri kwa mpanda, namuchenjeza za sitepe yothyoka asanaifike n'komwe. Anamuonetsa mtengo umene mthunzi wake madalaivala ankaulimbirana, mpopi womwe ankatungapo madzi otsukira magalasi, ndi kakhoma kafupi kamene ankakhalapo. Kuchokera pamenepo ankaona kumbuyo kwa mabasi, ndi patali uko mapiri okutidwa ndi chipale chofewa.

"Quesada!" anakuwa mayi wina wonenepa pawindo la kanyumba kogulitsiramo khofi. Anali Casilda, amene ankadyetsa madalaivala kuyambira kalekale. "Ife tinkati unafa! Wabwera wopanda basi, akulanda laisensi eti?"

"Pakamwa pako sipanatsekekebe, Casilda? Uyu ndi mkazi wanga."

Casilda anatuluka akupukuta manja.

"Ndinu a Herminia, a buledi aja? Mayi, munthu uyu anatitopetsa nanu. Akatulutsa buledi wanu, aliyense ankalandira kachidutswa konga chala, ulaliki wake ola lathunthu. Herminia amakanda chonchi, Herminia sagona. Mpaka tinkathawira m'mabasi."

Anawabweretsera khofi ndi buledi wopaka tomato ndi mafuta a olivi. Herminia anakhala pa kakhoma kaja, naluma pang'ono, nati buledi ameneyu anamuchotsa mu uvuni mothamanga. Kenako anayang'ana madalaivala atatu amene ankasewera makhadi pa kabokosi, ndi wina yemwe anagona pachiwongolero pakamwa pali yasa.

"Maola angati?" anafunsa.

"Anayi. Nthawi zina asanu."

"Wekha pano?"

"Masiku ambiri."

Herminia anagwedeza mutu. "Ukanandiuza zimenezi, ndikanamvetsera ndithu. Nanenso ndinali ndi khoma langa lomwe ndinkayang'ana."

Pobwerera Herminia anakhala kuwindo, akuyang'ana kunja mpaka minda ya olivi ya kwawo inayamba kuoneka. Anselmo ankadziwa kuti sanakhululukidwe, mwina zitenga miyezi. Basi itatsala pang'ono kuima, Herminia anatenga chikwama chake.

"Mawa undithandize kukanda," anatero. "Msana wanga nawonso ndi msana."

Anselmo anadzuka naye limodzi mawa lake, ndipo mabuledi ake oyamba anatuluka opindika moti sanagulitsidwe.