Mfuti ya Gideon ndi Mwendo wa Sajeni

"Mangitsani m'chiunomo, chingakuvukeni panjira," anatero Winifred, akuyang'ana mwamuna wake akulimbana ndi chitenje.

Gideon Mhango anakokera duku pamphumi, nanyamula mfuti yophera mbalame imene anabwereka kwa mlamu wake Ackim ku Katoto. Munda wawo unali kumapeto kwa Kaning'ina, kumene nyumba zimathera ndi kuyamba nkhalango, ndipo apusi anali atadya kale mizere isanu ndi umodzi ya chimanga. Chimene chinatsalacho ndicho banjalo linkadalira chaka chonse.

Apusi a kumeneko amadziwa kusiyanitsa anthu. Akaona buluku amathawa munthu akadali kutali, koma akaona chitenje amangokhala phee, kumasenda chimanga ngati analima nawo. Amene ankamuopa zenizeni anali Sajeni, galu wofiira wa pakhomopo, yemwe ankazungulira mundawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mizere ija inapita pa masiku atatu okha amene Sajeni anasowa, atatsatira galu wamkazi wa kutsidya.

"Awiske Glory, galuyu anabwerera, akulondera bwinobwino. Nanga mfutiyo ndi yachiyaninso?" Winifred anafunsa bambo a mwana wakewo.

"Kuthamangitsa sikuthetsa vuto. Ndikagwetsa pusi wamkulu uja n'kumupachika pamtengo, enawo sadzapondanso m'munda muja. Ine usekyuliti ndagwira zaka makumi awiri."

"Ndi ndodo."

"Ndodo kaya mfuti, diso ndi lomwelo."

Diso limenelo linali litayesedwa kale. Lolemba Gideon anawombera kasanu, n'kugwetsa masamba. Lachiwiri anaboola ndowa ya Winifred imene inali m'mbali mwa munda, kutali ndi kumene pusi anakhala. Iye anati vuto linali mtunda, poti apusiwo sankamulola kuyandikira. Ndiye chifukwa chake lero anavala chitenje, ndipo Sajeni anamumangirira pamtengo wa mapeyala kuti asamusokonezere mapulani.

Kunali nkhungu ndi kamvula kowazawaza. Panjira anakumana ndi Zondiwe, woyandikana naye nyumba.

"Mwawuka uli, amama?" anapereka moni Zondiwe. Kenaka anaona ndevu ndi magambuti. "A Mhango! Mwatchena chomene. Kodi mwalowa liti gulu la amayi?"

"Dikirani muone chimene ndibwere nacho," Gideon anayankha mokwiya, osaima.

Chinyengocho chinatheka ndithu. Apusi anamuyang'ana kamodzi n'kupitiriza kudya. Wamkulu uja anali pachulu, chimanga m'manja, pafupi kwambiri moti ngakhale mwala ukanamupeza. Gideon anakweza mfuti pang'onopang'ono, natsinzina diso limodzi, nakokera mimba m'kati.

Chitenje chinamasuka pomwepo.

Dzanja limodzi linathamangira chitenje, linalo linakoka chowombera. Kachipolopolo kanapita kumitambo. Apusi ataona buluku lopindidwa m'mawondo anabalalika akukuwa, aliyense chimanga chake kukamwa.

Gideon anapsa mtima. Anaikamo kachipolopolo kena. Kumbuyo kwake mapesi anagwedezeka, chinthu chikuthamanga chapansipansi kubwera kumene kunali iye. Sanadikire kuti achione. Anatembenuka n'kuwombera, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo sanaphonye.

Kulira kwake kunali kwa galu.

Sajeni, atamva phokoso la apusi, anali atatafuna chingwe n'kuthamangira ku ntchito yake. Tsopano anali gone pakati pa mizere, mwendo wakutsogolo ukutuluka magazi, mchira akuugwedezabe. Gideon anamukulunga m'chitenje chomwe chija n'kumunyamula.

Dokotala wa ziweto anachotsa kachipolopoloko masana omwewo. Anati fupa lang'aluka, galuyo asathamange kwa mwezi wathunthu. Chimanga nacho chinkafunika mwezi womwewo kuti chiume. Pamene Gideon ankabwerera kunyumba, apusi anali atachotsapo mizere ina iwiri, popeza m'munda munalibe aliyense.

Winifred sanakalipe, ndipo zimenezi zinamuwawa Gideon kuposa kukalipa. Anachapa chitenje chake, nachiyanika, kenaka anabwera ndi chitini chakale cha penti n'kuchiika pamiyendo pa mwamuna wake.

"Mfuti ibwerere ku Katoto lero lomwe. Mawa kukangocha muvale buluku lanu, mukakhale pachulu paja, muziimba chitinichi mpaka chimanga chiume."

"Anyina Glory, tsiku lonse? Mvula imeneyi? Nanga ku bawo anzanga aziti ndapita kuti?"

"Zondiwe wawauza kale zonse, musadandaule. Sajeni ankakhala tsiku lonse, ndipo sindinamumvepo akufunsa za bawo."

"Komatu ndikanangoyesa kamodzi kokha, tsopano dzanja lazolowera..."

"Yewo, adada. Pakhomo pano patsala ine ndi nkhuku. Mukufuna muyambire ndani?"

M'mawa mwake Gideon anakhala pachulu, jekete litanyowa, akumenya chitini. Pusi wamkulu uja anali panthambi m'mphepete mwa nkhalango, akudzikanda, kudikira kuti munthuyo awodzere. Cha m'ma teni koloko Winifred anabwera ndi tiyi ndi chinangwa, komanso china chimene anachipeza kuseri kwa chitseko. Anachiimika pambali pa chulu.

Inali ndodo yake ya usekyuliti ija.