Chisa cha Nantchengwa Kutsidya

Ndinalota ndikupisa m'matumba a mathalauza a Jailosi, mwamuna wanga. Linali Loweruka m'mawa. Iye anali atapita kale kudambo kukajambula mbalame, monga amachitira chigulireni kamera yake. Amabwerako Lamulungu madzulo ndi zithunzi za akakowa ndi nkhwazi, nsapato zopanda ndi thope lomwe, malaya akununkhira sopo amene ine sindigula.

M'matumbamo munali nthenga zokhazokha. Nditakankha zovala kuti ndione kuseri, ndinapeza kuti wadilopu yathu ilibe thabwa lakumbuyo. Kunali mtsinje waukulu, mabango mbali zonse, dzuwa lili phwee. Pansi, pamene pamakhala nsapato, panagona kamera. Munthu wapita kukajambula mbalame, kamera n'kuisiya.

Kamerayo ili ndi lenzi yaitali ngati mkono wanga, kukamwa kwake ngati kandowa. Jailosi salola munthu kuikhudza. Amati imakoka mbalame ili kutali mpaka kuoneka ngati yakutera pamphuno. Kamerayo inali yolemera, choncho ndinaibereka ndi chitenje, miyendo yake itatu yachitsulo ndinanyamula m'manja.

"Mayi, chonde musandigwedeze," inatero lenzi kumsanako.

"Abwana ako ali kuti?"

"Ine ndimangoona kumene andilozetsa."

Sindinaikhulupirire. Chinthu chimene chimayenda ndi mwamuna mlungu ndi mlungu sichilephera kudziwa kumene amagona.

Ndinalowa m'wadilopumo n'kutulukira m'mabango. M'mphepete mwa madzi munali kachisakasa ka udzu kokhala ndi bowo kutsogolo, kamene ojambula amabisalamo kuti nyama zisawaone. Mkati ndinapezamo alamu anga a Bendulo, akulu ake a Jailosi, amene tinawaika m'manda chaka chatha. Anavala suti yomwe tinawaikira ija, ali opanda nsapato, akudya nzimbe.

"Alamu! Mwanenepatu," anatero. "Mng'ono wanga akukudyetsani bwino."

"Ndimadzidyetsa ndekha. Mng'ono wanuyo ali kuti?"

"Wangochoka posachedwapa."

Ali moyo ankayankhanso choncho, ngakhale munthuyo atasowa sabata yathunthu.

"Poti mwabwera nayo kamerayo, jambulani," anatero. "Ikhazikeni pa miyendo yake. Chigongono chikhale phee. Mukafuna kudina batani, muyambe mwagwira mpweya. Kwa ine zimenezo sizivutanso ayi."

Ndinatulutsira lenzi pabowo n'kuikapo diso. Akakowa anali atandanda pamchenga ngati a kwaya, onse atatembenuzira kamera mbali imene amaoneka bwino. Ataona kuti diso si la masiku onse, anayamba kudzikanda m'mapiko. Mvuu inamira mofulumira ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya ndiwo pamoto. Nkhwazi inali pa mtengo wouma, ndipo ndinkaona nthenga iliyonse ya pachifuwa pake.

"Ife sitinaone kanthu, mayi," inatero nkhwaziyo, ndisanaifunse n'komwe.

Kutsidya, kutali kwambiri, pamphanda ya mkuyu panali chisa cha nantchengwa. Mbalame imeneyi imamanga chisa chachikulu choti munthu angagonemo, ndipo imatola chilichonse imene yachipeza n'kusomeka padenga.

"Kumeneko musalozeko," anatero alamu. "Kuwala kwake si kwabwino."

Ndinalozako pomwepo.

"Koka," ndinauza lenzi.

"Potozani mphete yaikuluyo, mayi. Pang'onopang'ono."

Ndinapotoza. Mtsinje unapindika ngati nsalu, ndipo tsidya lija linayamba kubwera ndi mkuyu wake, ndi ng'ona imene inali kuothera dzuwa patsinde. Padenga la chisa ndinaona sokosi ya Jailosi imene ndinaifuna nyumba yonse mpaka kukalipira mwana wathu Lonjezo popanda chifukwa. Ndinaona malaya ake abuluu amene anati anabedwa pachingwe. Ndinaona masupuni anga. Pakhomo pa chisacho panali katani ya maluwa, yochapa bwino, yosita. Mkati wina ankatsuka mbale akuimba chapansipansi.

"Alamu, nantchengwa amasita katani?"

"Mbalame za masiku ano," anatero, n'kulavula nzimbe.

Ndinapotozabe. Ndinkafuna kuona mwini mawuwo. Mkuyu unafika mpaka nthambi zake zinakwecha udzu wa kachisakasa, ndipo pomwepo zonse zinachita mbuu. Katani inasanduka mtambo. Masupuni anasungunuka.

Munthu anatsika mumtengo n'kudzaima pambali panga. Mayendedwe anali a Jailosi, fungo la sopo linali lomwe lija, koma nkhope yake inali ngati galasi limene lagwidwa nthunzi. Ndinachotsa diso pakamera n'kumuyang'ana ndi maso anga enieni. Sizinasinthe.

"Mayi a Lonjezo, mukundibalalitsira mbalame," anatero.

"Mukuzijambula ndi chiyani, poti kamera ili ndi ine?"

"Lero ndikungoziyang'ana."

"M'chisamo muli ndani?"

"Mbalame."

"Yaikazi?"

"Za mtundu umenewu n'zovuta kusiyanitsa. Yaikazi ndi yaimuna zimafanana."

Mbale zinasiya kulira mkati muja. Amene ankatsukayo anali kumvetsera.

Ndinamenya lenzi ndi chikhatho. "Iwe, bwanji sukundionetsa?"

"Chapafupi ine sindiona, mayi," inayankha. "Anandipanga choncho. Munthu akaima pafupi chonchi ndimangoona mthunzi wake. Mukafuna nkhope, bwererani m'mbuyo."

Ndinacheuka. Kumbuyo kunalibenso mabango kapena wadilopu. Madzi onse amene ndinawapinda aja anali atazungulira n'kudzagona kumeneko, akuda, osayenda.

Alamu anaika nzimbe pansi. "Khalani pansi, alamu. Akazi ambiri amaima pomwe mwaimapo. Saona kanthu, ndipo amakalamba pabanja. Amene amabwerera m'mbuyo, chithunzi amachipeza ndithu, koma khomo la nyumba salipezanso."

"Mukundilangiza kapena mukundiopseza?"

"Ndine wakufa ine. Ndingapindule chiyani?"

"Kufa sikunakuchotseni pachibale."

Ndinamasula kamera pa miyendo yake, ndinaigwira ndi manja awiri, ndinailozetsa kwa mwamuna wanga n'kuyamba kuyenda chafutambuyo.

Madzi atafika m'mawondo, makutu ake anaoneka. Atafika m'chiuno, ndinaona ndevu, kenako pakamwa. Mawu amene ankandifika ankati, "Bwerera, mkazi wanga, tikambirane bwinobwino." Koma mu lenzi milomo yake inkachita zina. Inali itapotokera kuphewa, cha kumene kunali katani, ndipo inkati, "Usatuluke."

Ndinapitabe. Matope ankandigwira zidendene. Mvuu ija inatulutsa maso pambali panga, inandiyang'ana, n'kusuntha kuti ndidutse.

Madzi atafika pachifuwa, nkhope ya Jailosi inaoneka yonse, bwino kuposa mmene ndinaionerapo chikwatiranireni. Anali ndi imvi m'ndevu zimene sindinkazidziwa. Pamlomo panali nyenyeswa za mandasi, chonsecho kunyumba amati mafuta amamupweteka m'mimba. Maso ake sankayang'ana ine. Ankayang'ana kamera.

Kumbuyo kwake katani inagwedezeka. Panatuluka dzanja la zikhadabo zopaka zofiira, lili ndi chibangiri chopyapyala. Kenako phewa, kenako mutu. Koma nkhopeyo inali idakali mbuu.

"Awiri nthawi imodzi sindingathe muli pamenepo," inatero lenzi. "Phazi limodzi linanso, mayi."

Ndinafufuza ndi chidendene. Kumbuyoko kunalibe pansi.

"Alamu, ganizani za mwana!" anakuwa a Bendulo ali pamtunda.

"Mwanayo ndinamukalipira chifukwa cha sokosi," ndinayankha. "Ndiyenera kukamuuza amene anaitenga."

Jailosi anathamangira m'mphepete mwa madzi, manja ali m'mwamba. Ndinadikira kuti ndimve chimene anganene mwamuna akaona mkazi wake ali pafupi kumira.

"Kamerayo isanyowe!"

Ndinaponda phazi lija.

Madzi ananditseka kumaso. Manja okha ndiwo anatsala kunja, atanyamula kamera pamwamba, yolozabe kumkuyu. Chala changa chinapeza batani chokha. Ndinadina, ndipo ndinamva kulira kwake, thwa thwa thwa, kukutsika m'mafupa a mikono.

Mawu a lenzi anandipeza pansi pa madzipo, odekha ngati kale.

"Ndamuona, mayi. Mumamudziwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse dzina. Mtsinje unalowa.

Ndinadzidzimuka kunja kutayera kale. Jailosi anali atandiweramira, mphuno yake pafupi kugunda yanga, chikwama cha kamera chili kale paphewa.

"Mayi a Lonjezo, mukubuula bwanji? Ine ndanyamuka, tionana mawa madzulo."

"Taimani pakhomopo," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Ndikuoneni."

Anaseka, koma anapita kukaima pakhomo. Ndinadzuka, ndinakhala tsonga pabedi, ndinamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Bwererani m'mbuyo ndithu," ndinatero.

Kuseka kuja kunatha.