Denga Lotsegula ndi Chala

"Kuli munthu kumeneko? Denga likutseguka!" anakuwa a Chijasi, chala chili pa batani.

Ofesi yonse inafa nako kuseka. Kunja kunali kukuda kumene, magalimoto ali piringupiringu mumsewu, ndipo telesikopu yoonera nyenyeziyo inali kuphiri, ulendo wa tsiku lathunthu.

"Achikulire, mukuchenjeza ndani, firiji?" anatero katswiri wa makompyuta.

A Chijasi sanaseke nawo. Dzinalo analitengera kuphiri komweko, kumene anamerera imvi akutsegula denga la nyumba ya telesikopuyo ndi manja, atavala jasi lofika m'mapazi. Kumeneko lamulo linali limodzi: sugwedeza chitsulo mnzako asanayankhe kuti wachoka. Tsopano makinawo ankayendetsedwa kuchokera m'tauni, ndipo abwana, mayi wamsinkhu wa mwana wawo, anali atawauza kuti asankhe lero: aphunzire kompyuta, kapena abwerere kuphiri akakhale mlonda wongothira mafuta. Mtima wawo unali kuphiri. Koma akazi awo, amene ankatha milungu osawaona, anali atanena kale kuti atopa.

"Taonani pa kamera, bambo, mulibe munthu," anatero abwana.

"Kamera siyankha, mayi."

Chala chija chinauma gwa. Anakumbukira mphepo yoluma makutu, fungo la girisi, ndi tiyi wa m'fulasiki amene ankagawana ndi malemu mnzawo wa zamagetsi. Ameneyo ndiye ankayankha ali pamakwerero: "Tsegula, nkhalamba iwe, sindifa lero!" Anamusowa koopsa.

Abwana anaima kumbuyo kwawo, n'kuyankhula motsitsa mawu. "Tachoka tonse, bambo. Tsegulani."

Anadina. Pa sikirini denga linagawanika pakati, zii, osalira n'komwe. Nyenyezi yoyamba inaoneka bwinobwino, kuposa mmene ankaionera kale, koma mphepo sinawakhudze. Zinawawawa ndithu. Ntchito yothyola msana ija, eti n'kutheka ndi chala chimodzi!

"Ndiye mwaganiza bwanji?" anafunsa abwana.

A Chijasi anayang'ana phiri lija pa sikirini kwa kanthawi, kenako anatulutsa foni n'kuimbira akazi awo.

"Amayi, kukamacha muzindisiyira chitseko chosakhoma. Ndizibwera tsiku lililonse."



"Ndiye mubwere ndi buledi," anatero akazi awo.