Mwana Wadya Bishopu

Lachitatu lija ndinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu yathu ku Nkhulambe, ndikuphunzitsa ana masewero a tchesi, pamene ndinaona makolo asanu akubwera mwandawala. Patsogolo panali a Cornelius, mkulu wa mpingo, bambo ake a Atikonda wa sitandade 5. Sanapereke ngakhale moni.

"Madamu, ana athuwa mukuwaphunzitsa chiyani kuno?" anafunsa a Cornelius. "Dzulo mwanayu wauza mayi ake kuti wadya bishopu. Sabata yatha ati anadya mfumukazi. Bishopu amadyedwa? Ndi ndiwo?"

Kuno mphunzitsi akangomveka kuti akuphunzitsa ana ufiti, miyala imagwa padenga lake tsiku lomwelo, mafunso pambuyo. Tizidole tathu nato sitinandithandize. Tinali toumba tokha ndi dongo, tina todetsa ndi makala, tina tamitu ya akavalo. Nditatiyang'ana ndi maso a mlendo, ngakhale ine ndinachita nato mantha.

Ine sindichedwa kupsa mtima. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa ngati pa bawo yomwe amaswerapo kumsika ija amatafunadi nkhomo akati adya. Mwamwayi Atikonda anandilanda mawu. Mwana ameneyu chaka chatha anali kavuluvulu, ndewu tsiku lililonse, masamu kulemba yankho funso asanamalize kuwerenga.

"Ababa, takhalani kaye pansi," anatero modekha. "Madamu amati usanagwire kanthu, uyambe wayang'ana bolodi lonse."

Pamaso pa anthu, bamboyo anasowa chokanira. Anakhala pa njerwa. Atikonda anawaonetsa kadole kalikonse ndi mayendedwe ake: uyu bishopu, amayenda chopingasa, uyu kavalo, amadumpha anzake. Kenaka anawapatsa toyera nati ayambe ndi iwo.

A Cornelius anasewera chibawobawo, dzanja patsogolo, nzeru pambuyo. Mwana anagwira chibwano, phee, maso pa bolodi. Ine ndinkangopemphera chamumtima. Pasanapite nthawi, Atikonda ananyamula kavalo wake, nachotsa kadole ka bambo ake n'kukaika pambali.

"Pepani ababa, ndadya bishopu wanu."

Kenaka mayi Eneless, amene anabwera atamanga chitenje m'chiuno ngati opita kundewu, anaphulika chiseko mpaka kugwira mtengo.

"Abale inu, ufiti wake ndi umenewu? Nandolo ndamusiya padzuwa chifukwa cha dongo!"

Onse anaseka. Ine ndinangokhala pansi padothi pomwepo, osalabadira siketi yanga yoyera. Mtima unakhala m'malo, ndipo sindibisa, misozi inalengeza.

A Cornelius okha sanaseke. Ankayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba.

"Ndi Atikonda wanga yemweyu? Uyu woti phala amapsa nalo pakamwa chifukwa chosadikira?" Anavula chipewa n'kutembenukira kwa ine. "Madamu, tinagwira tisanayang'ane. Mutikhululukire."

Anzawo anayamba kubwerera, koma iwo sanadzuke pa njerwa paja. Anatola bishopu wawo wadongo, namupukuta fumbi ndi malaya, n'kumubwezera pa bolodi.

"Iwe, yalanso," anauza mwanayo. "Mkulu wa mpingo sangapite kunyumba bishopu wake atadyedwa."