Dzimbiri pa Mano a Mtendere

Mano oyamba a Mtendere anamera oyera ngati a mwana aliyense. Ataguluka amenewo, atsopano anatuluka ndi mizere yofiirira, ngati lata logwira dzimbiri. Mtendere ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Anzake asanayambe kumutcha Nadzimbiri kusukulu, ankaseka mpaka odutsa pamsewu kutembenuka. Tsopano amaseka dzanja lili pakamwa, ndipo ine ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti manowo ayere.

Ndinayamba ndi mswachi. Kenako makala osinja, phulusa, soda. M'mawa uliwonse ndinkamupana pamiyendo n'kumakwecha mpaka nkhama kutuluka magazi. Tsiku lina ndinamumenya, ndikumunena kuti ndi waulesi, satsuka mkamwa. Zimenezo ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Chomwe chinkandipsetsa mtima n'chakuti pamudzi pathu, m'mphepete mwa Shire kumbali ya Balaka, panalibe mayi wosamala madzi kuposa ine Dalesi. Chifukwa ndinali nacho. Mwana wanga woyamba, Raymond, anafa ndi kolera chaka chomwe madzi anasefukira, atamwa a pachitsime cha kudambo. Anadwala Lachiwiri, Lachinayi tinaika. Ndinalumbira kuti madzi a kudambo sadzalowanso m'nyumba mwanga. Chitsimecho ndinkachidutsa osachiyang'ana n'komwe, ulendo wa kumjigo wa kumtunda, ola lathunthu ndowa ili pamutu. Madzi a kumeneko ndi oyera, singano itagwera pansi pa ndowa mukhoza kuiona. Komabe sindinkawakhulupirira. Ndinkawiritsa mpaka atsike ndithu mumphika, kuti chilichonse chili m'menemo chife kawiri. Azimayi anzanga ankanditcha a nesi.

Amuna anga a Yotamu ndi asodzi. Iwo amangotapa ndi manja mu Shire ali m'bwato n'kumwa ngati ng'ombe. Ndawalalatira zaka khumi, koma mano awo ali mbee.

Mwezi wa Okutobala kunabwera bambo wina woyeza madzi wochokera ku Machinga, a Uladi, pa njinga yamoto, atamanga bokosi la timabotolo kumbuyo. Anatunga kumjigo, kudambo ndi mumtsinje. Anthu ena ankangoonerera, koma ine ndinamukoka Mtendere n'kumuimika pamaso pawo.

"Yasamula, akuone," ndinamuuza.

Mwana anakana, ndinachita kumuchotsa dzanja pakamwa. A Uladi anayang'ana pang'ono chabe, n'kumuuza kuti atseke, apite akaone njinga.

"Amamwa a kuti, mayi?"

"A pamjigo okhaokha, bambo. Owiritsa."

"Kuyambira liti?"

"Chisiyireni bere."

A Uladi anapukuta kabotolo kouma kale. Kenako anandifotokozera kuti madzi a pamjigo amachokera pansi kwambiri, komwe akhala zaka zambiri akunyambita miyala, ndipo miyala ya kumeneko ili ndi mchere wina wotchedwa fuloraidi. Suoneka, sununkha, lilime siliumva. Ukachuluka umawononga mano a mwana akadali m'nkhama, asanatuluke n'komwe.

"Koma ine ndimawiritsa," ndinatero.

"Kuwiritsa kumapha tizilombo, mayi. Uwu si kachilombo. Nthunzi imachoka, mchere n'kutsala. Mukawiritsa mpaka madzi kutsika, ndiye kuti mwaupatsa mphamvu."

Ndinafunsa za chitsime cha kudambo, ndikufunitsitsa kuti achinyoze. Iwo anati chitsimecho chimamwa kuwiri. Mvula ikagwa, Shire amadzaza n'kukankhira madzi ake m'dothi la dambo, ndiye pachitsime pamakhala madzi a mumtsinje, a fuloraidi wochepa, koma otenga uve wa m'zimbudzi zokokoloka. Chilimwe mtsinje ukatsika, madzi a pansi ndi amene amatsetserekera kumtsinje, n'kudutsa pachitsimepo ndi mchere wawo, ngakhale sufika pa wa kumjigo.

"Ndiye ndikanatani?"

"Mukanatunga a kudambo omwewo, n'kuthira kulorini, kapena kuwiritsa angobwata basi."

Moto unali womwewo, mphika womwewo. Ndinangolakwitsa madzi, kawiri konse. Oyenera kuwiritsa ndinamwetsa Raymond osawiritsa, ndipo osayenera kuwiritsa ndinawiritsira Mtendere zaka zisanu ndi ziwiri, ndikudzitama pamaso pa anzanga.

"Nanga akasintha madzi, manowa ayera?"

A Uladi anayang'ana komwe kunali mwana uja. Mtendere anali atagwira galasi la njinga, akudziyang'anira milomo ili yotseka.

"Iyayi, mayi," anatero motsitsa mawu. "Zimenezo zili mkati mwa dzino. Madzi musinthe ndithu, kuti zisafike kumafupa. Koma makala aja musiye, mukungomupweteka."

Kunyumba ndinawauza a Yotamu zonse. Ndinkayembekezera kuti andiseka, ndipo zikanandipepukira akanandiseka. Iwo anangotenga ukonde n'kukakhala kuseri, kumasoka pamalo posang'ambika.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa n'kulowera kudambo, Mtendere ali pambuyo. Azimayi omwe ndinawapeza pachitsime anasiya kucheza. Palibe ananditcha a nesi. Madziwo anali otuwa, onunkha matope, ndipo ndinatunga nditaima pamalo pomwe ndinaima tsiku lomwe ndinatungira Raymond. Nditafika kunyumba ndinasefa ndi nsalu, n'kuwiritsa angobwata, n'kuphula.

Atazizira, Mtendere anabwera yekha ndi kapu yake.

"Amayi, bambo aja anati awa ndiye abwino?"

"Eya."

"Ndiye ndikamamwa awa, ayera?"

Ndinayang'ana mumphika. Ndinangomulanda kapu n'kumutungira.

Anamwa onse osapumira, n'kupemphanso ina. Itatha yachitatu anathamangira m'nyumba, ndipo ndinamumva akusuntha mpando kuti afikire kagalasi ka bambo ake kometera ndevu.

"Sanayambe," anatero ali mkatimo. "Mwina mawa."