Musaimalize Kaye

"Zaka makumi awiri ndili m'tchire, sindinavulazitsepo munthu," anatero Bwana m'chipinda cha kutsogolo, akuuza makasitomala awiri atsopano. "Uja wagundidwa ndi njati uja anachita kudzipereka yekha. Anamutuma ndani kukaima pamphuno pa nyama yamoyo?"

Wojambula anamva zonsezi kudzera pakhoma la matabwa, ali pakompyuta m'kachipinda kodulira mafilimu. Zaka makumi awiri zinalipodi, bola munthu awerengere ndi zisanu ndi ziwiri zimene Bwana ankagulitsa matayala.

Kampani yawo inkagulitsa kulimba mtima. Munthu wandalama ankabwera, kuvala chipewa, kuwombera nyama, ndipo pakatha milungu iwiri ankalandira filimu yomuonetsa ali mwamuna. Ntchito ya wojambula inali kuchotsamo zipolopolo zophonya, maondo ogundana, ndi pomwe kasitomala wathawira kuseri kwa galimoto. Koma panali lamulo limodzi losalembedwa: nyama ikagwa, kamera iyandikire diso lisanazime. Diso lakufa siligula malonda. Choncho ankaisiya ipumebe pang'ono, mlenje womalizitsa ataima pambali ndi mfuti, kudikira kuti wojambula agwedeze mutu.

Wogundidwayo anali mlamu wa wojambula, mlongo wa mkazi wake, katswiri wolondola mapazi a nyama, yemwenso anamupezera ntchitoyi. Tsopano anali m'chipatala, mwendo wakumanja utathera pabondo. Sankakumbuka chilichonse kuyambira pomwe njati inagwa, ndiye atauzidwa kuti anachita matama, anavomera.

Wojambula anabwezanso kachigawo ka filimu ya tsiku la ngoziyo. Njati ili chigonere, ikupuma ngati mvukuto. Mlenje akukweza mfuti. Kenako mawu ochokera kuseri kwa kamera, odekha, a munthu wodziwa ntchito yake: "Musaimalize kaye. Alamu, tachotsani kanthambi kali pamphunopo, kakutchinga diso."

Mlamu akulowa pachithunzi, momvera.

Bwana anasuzumira pakhomo. "Wadula?"

"Ndikudula."

"Ufufutiretu. Mawu ali m'menemo si anga paja, ndikungokuchitira chifundo. Tenga kamera, tikapereke ndodo zoyendera kuchipatala. Anthu aone kuti kampani ino ili ndi mtima."

Anafika nthawi ya masana yoonera odwala. Wodi inali yodzaza: mabedi khumi ndi awiri, achibale atakhalira m'mphepete ndi mabasiketi awo. Mlamu anali atatembenukira kukhoma. Mkazi wa wojambula anakhala pafupi naye, mbale ili pamiyendo, yosakhudzidwa.

"Lero ndi tsiku lachinayi asakudya," mkaziyo ananong'oneza mwamuna wake. "Akuti chitsiru sichidyetsedwa."

Bwana anakonza kolala, n'kufunsa mbali imene nkhope yake imaoneka bwino. Anagwira ndodo zija ndi manja awiri ngati chikho cha mpira.

"Mkulu wanga, tembenuka pang'ono, tikujambula. Tonse timalakwitsa. Ife takukhululukira."

Mlamu anatembenuka. Nkhope inali itagwa ngati ya nkhalamba. "Pepani, Bwana," anatero. "Ndakuchititsani manyazi. Ine amene ndimaphunzitsa anzanga kuti njati siyenderedwa kutsogolo."

Wojambula anaona nkhopeyo pagalasi la kamera, ndipo chizolowezi chinamuuza kuti ayandikire. Chala chinali chitayamba kale kutero. Anatsitsa kamera, n'kuiika pabedi, n'kutulutsa m'thumba foni imene anasungamo kachigawo kaja.

"Alamu, taonani ichi."

"Iwe!" anatero Bwana.

Anakweza mawu mpaka pamapeto. Foni inali yotchipa koma yaphokoso, moti ngakhale bambo wa bedi lakukhomo anasiya kutafuna. Wodi yonse inamva kupuma kwa njati, inamva "Musaimalize kaye," inamvanso za kanthambi. Zotsatira zake wojambula sanaziyang'ane. Anayang'ana pansi, pomwe panali nsapato imodzi.

"Tabwezani," anatero mlamu.

Anabweza. Namwino amene ankadutsa ndi thireyi anaima. Bwana anatsamiritsa ndodo zija kukhoma mwakachetechete, n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano. Pakhomo anatembenuka kuti anene za kamera yake, koma ataona maso a anthu, anaganiza kuti adzatuma munthu.

"Mawuwa ndi anu, alamu?" anafunsa wodwalayo.

"Ndi anga."

"Masiku onsewa mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

Mkazi wa wojambula sanalire, sanakalipe. Anangosuntha mpando wake kufupi ndi bedi, kutali ndi mwamuna wake.

Mlamu anasisita bulangete pomwe linaphwa.

"Ndiye kanthambiko ndinakachotsa?"

"Munakachotsa."

"Diso linaoneka bwino?"

Wojambula anafuna kunama, koma bodza linali litamuthera. "Linaoneka bwino."

Mlamu anagwedeza mutu, ngati munthu amene wauzidwa kuti ntchito yake inatheka. Kenako anadzikoka n'kutsamira pilo.

"Achemwali, tandipatsani mbaleyo," anatero. "Koma awa atuluke ndisanayambe kudya."