Chala cha Wabuledi pa Sitima ya Bambo

Bambo anga amaweruza munthu poyang'ana manja ake. Chipumireni pa ntchito ya njanji, amangokhalira kuchipinda chakumbuyo, kulumikiza timitu ta sitima ta mkuwa, totalika ngati phazi la munthu, n'kumatipaka penti. Lamulo la m'chipindamo ndi limodzi: mkuwa ukatsukidwa, usakhudzidwe ndi dzanja. Mafuta a pachala, ngakhale osaoneka, amakana penti. Mlamu wanga, mwamuna wa achemwali, anagwirapo kamodzi, ndipo mpaka lero bambo amangomutchula kuti "uja".

Ndiye tangoganizani mmene mtima unkandigundira tsiku limene ndinabwera ndi chibwenzi changa kudzamuonetsa. Ntchito yake ndi yophika buledi, aliyense amangomuitana Wabuledi, ndipo manja ake amanunkhira majarini ngakhale asambe chotani. Njira yonse ndinkamulangiza kuti akaona chonyezimira, manja aike kumbuyo. Ndinkafunitsitsa bambo amukonde, poti ine mtima anali atanditenga kale.

Tinawapeza atavala magolovesi, akuumitsa mutu wa sitima wofanana ndi umene ankayendetsa kale. Anali atauviika mu viniga m'mawa wonse, uli waliwali ngati ndolo yatsopano. Anaunyamula pa waya n'kuutambasulira kwa mlendo.

"Taona, mnyamata," anatero.

Wabuledi analeredwa bwino, ndipo ulemuwo ndi umene unamugwetsa. Wamkulu akakutambasulira chinthu, umalandira. Anawerama pang'ono, n'kuulandira ndi manja awiri, zala zonse zili khathi pamkuwa.

"Zikomo, bambo."

Amayi, amene anali atafika pakhomo ndi tiyi, anabwerera naye mwakachetechete.

"Wagwira chiyani lero?" bambo anafunsa motsitsa mawu.

"Mabanzi, bambo."

"Amafuta?"

"Kwambiri, bambo. Ndi amene amayenda malonda."

Ine ndinangofuna nditalowa pansi. Ndinaona ukwati wanga ukutsetsereka ngati sitima yopanda mabuleki. Koma bambo sanakalipe. Anatenga mswachi wakale, sopo wotsukira mbale ndi magolovesi, n'kumupatsa.

"Chimene manja ako aononga, manja ako omwewo akonze."

Ine anandilozera khomo, choncho zotsalazo ndinazionera pawindo, amayi ali pambali panga akunamizira kuthirira maluwa. Magolovesi anamuthina, chala chachikulu chinangolowa theka. Komabe anakwecha, pakati pa mawilo, kuzungulira chumuni, n'kutsukuluza, n'kuviikanso mu viniga. Utauma, bambo anayamba kupopera penti yoyamba.

"Yopyapyala," ankamuuza. "Mkuwa uzionekerabe pang'ono. Ukachulutsa, timisomali tonseti tikwiririka."

"Ngati dzira pamwamba pa banzi," anayankha Wabuledi.

Bambo anamuyang'ana m'mbali, ndevu zikugwedera. Kenako anamuonetsa bokosi loumitsiramo penti, lokhala ndi babu mkati. Wabuledi analowetsamo dzanja n'kunena kuti uvuni wotere buledi angatulukemo wamuwisi. Apo bambo anaseka mpaka kukhosomola. Amayi anandigunda ndi chigongono, madzi akusefukira mumphika wa maluwa.

Patapita masiku angapo, penti yakuda itapakidwa n'kuuma, bambo anatiitanitsa. Sitima inali pa njanji zake, yokongola moti ukanafuna kugula tikiti. Koma pambali pa chitseko cha woyendetsa panali chidindo cha chala chachikulu, mizere yake yonse ikuoneka. Mswachi unali utaphonya pamenepo. Mantha anandigwiranso.

"Pepani, bambo," anatero Wabuledi. "Ndipala yonse, tiyambirenso."

"Usayerekeze," bambo anayankha. "Sitima yeniyeniyo inali ndi zala zathu apa pomwepa, pogwira pokwera. Zonse ndapakazi zikungooneka ngati sizinagwirepo ntchito. Iyi yokha ndiyo ili ndi munthu."

Anali atapoperapo kale vanishi kuti chalacho chisafufutike. Amayi anati akanadziwa, akanazigwira zonse kalekale, ndipo bambo anawaopseza ndi mswachi.

Kenako analoza msomali wa pakhoma. Pambali pa magolovesi awo panali ena atsopano, aakulu, oti chala cha wophika buledi chilowe chonse.

"Mkamwini," anatero, "vala awo. Sitima ina ikudikira viniga."

Ndinalira pomwepo, ndikuseka, ndipo palibe amene anandilozera khomo.